Dzina la Mulungu pa msonkhano wa zidakwa

Mu Meyi 1935, Bill Wilson, wamalonda wa ku New York, anali kuzungulirazungulira m'hotela ya Mayflower mumzinda wa Akron ku Ohio. Bizinesi imene anayendera inali itakanika, ndipo chapafupi pomwepo panali bala, anthu akuseka. Anali atatha miyezi isanu osalawa dontho, koma tsikulo khosi linamuyabwa. M'malo molowa m'balamo anapita pa chikwangwani cha mayina a mipingo n'kuyamba kuimba foni. Ankafuna chidakwa chinzake choti acheze nacho, poti anali ataona kuti akamalankhula ndi woledzera mnzake, iye mwini samwa.

M'busa Walter Tunks ndiye anamutsegulira njira, mpaka anafika kwa mayi Henrietta Seiberling, amene anamukumanitsa ndi Bob Smith, dokotala wa maopaleshoni yemwe mowa unali utamusowetsa mtendere. Smith analola kumvetsera kwa mphindi 15 zokha, koma anacheza mpaka usiku. Gulu la Alcoholics Anonymous, kapena kuti AA, limawerengera kubadwa kwake pa 10 Juni 1935, tsiku limene limati Smith anamwa komaliza.

Wilson ndi Smith onse ankasonkhana ndi Oxford Group, gulu la chitsitsimutso limene anayambitsa m'busa wa Lutheran, Frank Buchman. Kumeneko ankaphunzitsa kuulula machimo kwa mnzako, kukonza zimene unalakwira ena, ndi kupereka moyo wonse kwa Mulungu. Wilson anakokeredwako ndi mnzake wa kumowa, Ebby Thacher, amene anabwera kudzamuchezera mu 1934 n'kukana tambula. Mu Disembala chaka chomwecho, ali gone m'chipatala cha Towns, Wilson anafuulira Mulungu, ndipo ankasimba kuti chipinda chinadzaza kuwala. Sanamwenso mpaka imfa yake mu 1971. Ku Akron, Sisitere Ignatia wa pachipatala cha St Thomas anayamba kugoneka zidakwa mu 1939, pamene zipatala zambiri zinkazibweza pakhomo. Amene amati chipembedzo sichinachitepo kanthu pa AA akunamizira mbiri.

Komatu mkangano unabuka msanga, polemba buku la gululo limene linatuluka mu 1939. A ku Akron ankafuna mawu achikhristu osabisa. Ku New York kunali Jim Burwell, amene ankanena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, ndi Hank Parkhurst amene ankagwirizana naye. Iwowa anaumirira kuti chidakwa chimene chinathawa kale tchalitchi chikangomva ulaliki sichibweranso. Anamvana pakati: dzina la Mulungu linatsala m'masitepe 12 osiyira mowa amene analembedwa m'bukulo, koma aliyense amutenge monga akumumvetsera yekha, ndipo masitepewo akhale malangizo, osati malamulo. Burwell anakhalabe m'gulumo, n'kukayambitsanso msonkhano ku Philadelphia.

Kumvana kumeneku sikunakwanire onse. Theka la masitepe likukambabe za Mulungu kapena mphamvu yoposa ya munthu, ndipo misonkhano yambiri ku America imatseka ndi Pemphero la Ambuye. Mu 1975 Jean Kirkpatrick anayambitsa Women for Sobriety. Iye ankati mayi woledzera amakhala atafinyika kale ndi manyazi, ndiye kumuuza kuti avomereze kuti alibe mphamvu n'kumuponderezanso, ayenera kudzutsidwa. James Christopher anayamba misonkhano yopanda pemphero ya SOS ku California mu 1986, ndipo mu 1994 kunabwera SMART Recovery, imene imaphunzitsa munthu kuzindikira chilakolako chikamabwera ndi kutsutsa maganizo omunyengerera kuti botolo limodzi silipha. Ena anadandaula mosiyana, kuti AA yasungunula Mulungu, ndipo mu 1991 mpingo wa Saddleback unayambitsa Celebrate Recovery, yotchula Yesu mosazungulira.

Nanga chimathandiza n'chiyani? Mu 2020 akatswiri a bungwe losanthula kafukufuku wa zaumoyo la Cochrane, motsogozedwa ndi John Kelly, anasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000. Anapeza kuti njira zolowetsa anthu mu AA zimafanana kapena kuposa uphungu wina pothandiza munthu kusiyiratu mowa. Kafukufuku wina wa Kelly amasonyeza kuti chachikulu ndi kusintha anthu ocheza nawo: Loweruka madzulo ukhale ndi wina womuimbira foni amene sakuitanira ku bala. Ine ndimaona kuti apa m'pamene okhulupirira ndi osakhulupirira ayenera kugwirana manja. Kwa ambiri pemphero ndilo limawagwira usiku wovuta, ndipo palibe woyenera kuwalanda. Koma munthu wonjenjemera manja amene wabwera koyamba sakufunika kufunsidwa za chikhulupiriro chake asanapatsidwe mpando.

Kumene zinaipira n'kumene boma linalowerera. Makhoti ndi ndende za ku America zinazolowera kulamula anthu kupita ku AA, wokana n'kumanidwa ufulu wina. Mu 1996 khoti lalikulu la boma la New York, pa mlandu wa mkaidi David Griffin, linagamula kuti masitepe 12 ndi achipembedzo mokwanira moti boma silingakakamize munthu kuwatsata popanda kumupatsa njira ina. Makhoti ena anagamulanso chimodzimodzi.

M'kati mwa AA momwemo nkhaniyi sinathe. Mu 2011 ofesi yogwirizanitsa misonkhano ku Toronto inafufuta pa mndandanda magulu awiri, Beyond Belief ndi We Agnostics, chifukwa anachotsa dzina la Mulungu powerenga masitepe. Zikatero ndiye kuti chidakwa chofuna thandizo sichikanawapezanso poimba foni ku ofesiyo. Membala wina anakadandaula ku bwalo loona za ufulu wa anthu la Ontario, ndipo mu 2017 mbali ziwirizo zinagwirizana kuti magulu a osakhulupirira abwerere pa mndandanda.