Kusamalira kapinga ndi vetiva m'nyengo yozizira ku Champhira

Dera la Champhira, kumwera kwa boma la Mzimba, ndi lokwera ndipo limazizira kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, makamaka mu Juni ndi Julayi. Nthawi imeneyi mvula imakhala italeka. Kapinga wa pabwalo, wa pasukulu kapena wa pamjigo amafiira ngati wauma, koma sanafe. Amangoleka kukula kukazizira kufika pa madigiri 10 kapena kutsikirapo, pomwe mizu ndi tsinde zoyanga m'nthaka zimakhala zamoyo. Mukazisunga bwino, mvula yoyamba idzapeza nthaka yanu yophimbika ndipo siidzakokoloka.

Zoyenera kuchita

1. Tchetchani mosapsereza. Siyani kapinga wotalika masentimita 5 kapena kuposerapo kuti aphimbe mizu. Vetiva wa m'mizere ya akalozera mumudule pa masentimita 30 mpaka 50, ndipo masamba ake muphimbire m'dimba kapena mufolere khola.

2. Ngati madzi alipo, thirirani kamodzi pa sabata kapena pa sabata ziwiri, mpaka chinyezi chilowe pansi. Thirirani m'mawa dzuwa litatuluka, osati madzulo. Madzi otsukuluzira zovala angathandize, koma a sopo wambiri amawononga nthaka.

3. Zulani udzu wosafunika usanamwaze njere zake.

4. Lambulani malire oteteza moto kuzungulira pakhomo ndi m'munda udzu wa m'tchire usanaumitsitse.

5. Yenderani malowo sabata iliyonse kuona ngati chiswe chayamba kudya udzu wouma. Chotsani zinyalala ndi mitengo yowola imene imaitana chiswe.

Zoyenera kupewa

Musatenthe kapinga. Moto umasiya nthaka pambalambanda, ndipo mphepo ya mwera imauluza phulusa pamodzi ndi dothi lachonde.

Musapale bwalo ndi khasu kuti lioneke loyera. Bwalo lopalidwa ndi limene limayamba tingalande.

Musamangirire mbuzi kapena ng'ombe pamalo amodzi masiku ambiri. Udzu sukuphukira nthawi imeneyi, choncho ziweto zimaudya mpaka kumizu.

Musaponde kapinga m'mamawa chisanu chikagwa, makamaka kufupi ndi dambo. Masamba ake amathyoka n'kuda.

Musathire Urea kapena CAN. Udzu umene sukukula sugwiritsa ntchito fetereza, ndiye kuti ndalama zangopita pachabe.

Kukonzekera mvula

Mu Okutobala kapena Novembala, wazani manyowa owola bwino pamwamba pa kapinga, osapitirira sentimita imodzi. Pamene pagoba, gaulani pang'ono ndi khasu. Mvula ikakhazikika mu Disembala, dzalanipo tsinde za kapinga. M'mipata ya vetiva pakizani mbande motalikirana masentimita 10 mpaka 15.

Alimi otsogolera, sungani kachigawo kachitsanzo kosatenthedwa ndi kosapalidwa, kuti anzanu adzafananize ndi kwawo mvula ikagwa. Ngati mukusowa mbewu ya vetiva, funsani alangizi a zaulimi a ku EPA ya Champhira.