OK anachokera kuti?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, mawu akuti OK timawamva ponseponse, m'chapa, pamsika wa ku Ulongwe, pa WhatsApp. Ana ena m'kalasi mwanga amayesa kuti ndi Chipwitikizi. Ayi, ndi Chingerezi cha ku America, ndipo chiyambi chake chiyenera kutiseketsa ife amene timakhalira kuchonga zolakwa ndi cholembera chofiira.

M'zaka za m'ma 1830, mumzinda wa Boston munabuka kamasewera kolemba mawu molakwitsa dala kenako n'kuwafupikitsa. Mawu akuti "all correct", kutanthauza kuti zonse zili bwino, anawapotoza kukhala "oll korrect", n'kutengapo zilembo zoyamba. Pa 23 Malichi 1839 nyuzipepala ya Boston Morning Post inasindikiza "o.k." mwanthabwala. Zidule zina za mtundu womwewo, monga O.W. ya "oll wright", zinangofera m'mazira.

Chinapulumutsa OK ndi ndale. Mu 1840 pulezidenti Martin Van Buren ankafuna kusankhidwanso. Kwawo kunali ku Kinderhook, m'chigawo cha New York, choncho ankamutcha "Old Kinderhook", ndipo omutsatira anakhazikitsa gulu lotchedwa OK Club. Iye anagonja kwa William Henry Harrison, koma pofika nthawi imeneyo zilembo ziwirizo zinali zitawanda m'dziko lonse. Pambuyo pake otumiza mauthenga a telegalafu anazikonda chifukwa cha kufupika kwake.

Amene anafukula mbiriyi m'nyuzipepala zakale ndi Allen Walker Read wa ku yunivesite ya Columbia, m'nkhani zomwe anasindikiza mu 1963 ndi 1964. Ena amati mawuwa anachokera ku "okeh" wa chilankhulo cha Achoctaw, mpaka pulezidenti Woodrow Wilson ankawalemba motero. Enanso amaloza ku Chiwolofu cha ku Senegal. Mtima wanga ukanakonda kuti akhale a kuno ku Africa, koma umboni wolembedwa uli ku Boston.

Nanga katchulidwe? Mngerezi amangotchula mayina a zilembo zake, "ou" ndi "kei", ndipo kawirikawiri amatsindika kumapeto. Tikanatsata mayina a zilembo a Chipwitikizi tikanati "o-kapa". Ife timati "oke", kukoka "o" n'kufupikitsa "ke", chifukwa Chinyanja chili ndi mavawelo asanu osapindika ndipo chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Mwana wonena "oke" sanalakwitse Chingerezi, walankhula Chinyanja.

Pamene pali nkhani ndi pa kagwiritsidwe. OK ndi wofunda, si wotentha. Mngerezi akati chakudya chinali OK, wophika sanyadira. Ndipo mawu amodziwa amakwirira zinthu zomwe ife timazisiyanitsa. "Inde" ndi kuvomera, "ndamva" ndi kulandira malangizo, "zoona" ndi kugwirizana ndi mfundo, pomwe "chabwino" nthawi zina ndi kulolera monyinyirika. Agogo akatuma mdzukulu kukatunga madzi iye n'kuyankha kuti "oke", agogowo sadziwa ngati wavomera kapena wangofuna kuti akhale chete. N'chifukwa chake amakwiya, ngakhale mwanayo atanyamuladi ndowa.

Ine m'kalasi sindiletsa OK. Ndimalemba pa bolodi ziganizo zinayi zoyankhidwa ndi OK, ana n'kusankha mawu a Chinyanja oyenera chilichonse, potengera amene akumuyankha. Pa chiganizo cha mfumu, mkangano umakhala pakati pa "inde" ndi "wawa".