Lionel Tertis ndi Choimbira Chonyozeka

Lero sindinena za thonje kapena za mizere ya m'munda ayi. Ndifuna kukuuzani mbiri ya munthu wa ku Mangalande amene anakweza choimbira chimene anzake ankachinyoza.

Ambiri a inu mumamudziwa kaligo: nsambo imodzi, kamtondo kokutidwa ndi chikopa, ndi kauta kokwechera. Azungu nawonso ali nazo zoimbira za mtundu womwewo, koma za nsambo zinayi. Chaching'ono ndi vayolini, ya mawu okwera. Mkulu wake ndi viola, ya mawu otsikirapo, onga a munthu wamkulu podandaula. Kale ku Ulaya viola ankapatsa munthu amene vayolini yamkanika, ndipo ntchito yake inali kungovomereza pamene ena akutsogolera nyimbo.

Lionel Tertis anabadwa mu 1876 ku West Hartlepool, kwa makolo Achiyuda ochokera ku Poland. Ali ndi zaka 13 anachoka pakhomo kukadzifunira ndalama ndi kuliza piyano, ndipo pambuyo pake analowa sukulu ya Royal Academy of Music ku London kuphunzira vayolini. Tsono mnzake wina anafuna kuti aziliza anayi pamodzi, koma wogwira viola anasowa. Tertis anavomera kuyesako, ndipo sanaisiyenso.

Chovuta chinali chakuti nyimbo zolembedwera viola payokha zinali zowerengeka. Iye anakakamiza opeka nyimbo, monga York Bowen, Arnold Bax ndi Vaughan Williams, kufikira anamlembera. Zina anachita kusandutsa yekha: nyimbo yaikulu ya Elgar, yolembedwera cello, anailiza pa viola mu 1930, mwini wake akutsogolera gulu.

Koma pena mkuluyu anapunthwa, ndipo sindikubisirani. Mu 1929 mnyamata William Walton anamtumizira nyimbo imene anapekera iye yemweyo. Tertis anaibweza, ati ndi yachilendo m'makutu. Anayamba kuiliza ndi Paul Hindemith wa ku Germany, Tertis atakhala pakati pa omvera, manyazi atamgwira. Zotere ndaziwona kwa alimi okana mbewu yatsopano, amene chaka chinacho akapempha yomweyo kwa mnansi. Iyenso anavomera kulakwa kwake naiphunzira nyimboyo, ndipo lero wophunzira viola aliyense amaidziwa.

Viola ikakula imamveka bwino, koma imapweteka mkono. Yake ya Tertis inapitirira mainchesi 17, naye anali munthu wamfupi. Mu 1937 mkono unamvuta, nayamba waleka kuliza pamaso pa anthu. Sanakhale manja lende. Anagwirizana ndi mmisiri Arthur Richardson kukonza viola yosafika mainchesi 17, koma yotakata ndi yakuya thupi, kuti mawu asachepe. Miyeso yake anaijambula papepala naigawira amisiri a m'maiko ambiri. Apa ndipo pandigwira mtima ine, pakuti miyeso ya kaligo wathu imakhala m'manja mwa wosema, ndipo akamwalira wopanda womphunzitsa imapita naye kumanda.

Tertis anamwalira mu 1975 ali ndi zaka 98. Mu 1980, pa chilumba cha Isle of Man, anayamba mpikisano wa oliza viola a maiko onse, nautcha dzina lake.