Chuku pa zovala: chimayamba bwanji, chimachoka bwanji

Chuku, chimene ena amati nkhungu kapena nguwi, ndi timadontho takuda, totuwa kapena tobiriwira timene timamera pa chovala chimene chakhalitsa ndi chinyezi. Si litsiro wamba. Ndi chamoyo cha gulu limodzi ndi bowa, ndipo chimadya ulusi wa nsaluyo. N'chifukwa chake malaya amene akhalitsa ndi chuku amafooka n'kung'ambika powachapa. Fungo lija limene limakulandirani mukatsegula sutikesi limachokera ku mpweya umene chuku chimatulutsa pamene chikukula. Perefyumu amangolibisa kwa kanthawi. Chimene chimathetsa vutoli ndi kuumitsa chovala mpaka chiumiretu.

Mmene chimayambira

Njere za chuku n'zazing'ono kwambiri moti sizioneka ndi maso, ndipo zimauluka mumpweya m'nyumba iliyonse. Kuti zimere zimafuna zinthu zitatu: chinyezi, chakudya ndi malo osapita mphepo. Pa nsalu yonyowa zikhoza kuyamba kumera pakangotha maola 24 mpaka 48. Zimakonda nsalu za thonje monga kapulana, zovala zaubweya ndi nsapato zachikopa. Nsalu za nayiloni sizidyeka, koma chuku chimamerabe pa thukuta, mafuta kapena msuzi wotsalira pamenepo.

M'chigawo cha Tete vutoli limakula m'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, makamaka m'madera okwera monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene mvula imagwa yambiri kuposa mumzinda wa Tete. Ku Lichinga, m'chigawo cha Niassa, zili chimodzimodzi. Mvula ikamvumba masiku atatu, zochapa zimayanikidwa m'nyumba ndipo zimapindidwa zisanaumitsitse m'misoko ndi m'matumba. Pamenepo ndi pamene chuku chimayambira.

Kuopsa kwake pa thanzi

Kupuma njere za chuku kumayambitsa kuyetsemula, kutsokomola, kuyabwa maso ndi khungu, ndipo kumadzutsa mphumu kwa amene ali nayo. Ana aang'ono, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa asamavale kapena kufunda zinthu zachuku, ndipo asamapatsidwe ntchito yozikutumula.

Kachotsedwe kake

Choyamba tulutsani chovalacho panja. Mangani kansalu pamphuno ndi pakamwa, ndipo palani chukucho ndi burashi. Mukachitira m'nyumba, njere zimagwera pa zovala zina ndi pa zofunda. Kenako sankhani njira yogwirizana ndi nsaluyo.

Zovala zamaluwamaluwa ndi kapulana: thirani kapu imodzi ya viniga woyera, amene m'masitolo amalembedwa kuti vinagre, m'malita 5 a madzi. Viikani chovalacho kwa ola limodzi, kenako chapani ndi sopo. Yambani mwayesa pa kamsonga kobisika kuti muone ngati utoto ukuchoka.

Zovala zoyera za thonje, monga malaya a yunifolomu ya sukulu ndi matewera: finyirani ndimu pa dontholo, wazani mchere, yanikani padzuwa mpaka paume, kenako chapani. Dontho likakana, sungunulani masupuni akuluakulu 4 a javel m'malita 5 a madzi ozizira, viikani kwa mphindi zosapitirira 10 ndipo tsukuluzani kangapo. Javel musamuthire mwachindunji pa nsalu, amaiboola. Musamugwiritsenso ntchito pa ubweya, silika kapena nsalu zamitundu.

Nsalu zolimba, monga matawulo ndi nsalu zoyala pabedi: chapani m'madzi otentha, a madigiri pafupifupi 60, chifukwa madzi ozizira sapha chuku chonse. Onani kaye kachizindikiro kosokedwa pa chovalacho, popeza ubweya umafota m'madzi otentha.

Nsapato, malamba ndi zikwama zachikopa: sakanizani madzi ndi sipiriti muyeso wofanana, pukutani ndi kansalu, umitsani pamthunzi popita mphepo, kenako pakani polishi.

Fungo likatsalira ngakhale madontho achoka, viikani chovalacho usiku wonse m'ndowa ya madzi yothira theka la kapu ya soda wophikira, amene pa paketi amalembedwa kuti bicarbonato. Soda ndi viniga musaziike m'ndowa imodzi, chifukwa zimathetsana mphamvu.

Chenjezo lalikulu ndi ili: musasakanize javel ndi viniga, ndimu kapena mankhwala ena otsukira. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha maso ndi mapapo. Matewera a mkodzo ayambe atsukuluzidwa asanalowe mu javel, pa chifukwa chomwecho. Ntchitoyi ichitikire panja, ndipo botolo lisungidwe patali ndi ana.

Musasite chovala dontho lisanachoke, chifukwa kutentha kwa simbi kumalikhazikitsa. Dziwaninso kuti chuku chimene chakhala miyezi yambiri chimasiya chipsera chimene nthawi zina sichitheratu. Chovala chikafika pofumbutuka mukachikoka, ulusi wadyeka kale ndipo palibe mankhwala amene angaubwezeretse.

Kapewedwe kake

Yanikani pa chingwe, osati pa udzu kapena pansi, ndipo chovala chisapanikizane ndi chinzake. Zovala zamitundu muzitembenuze kuti dzuwa lisazisuluke. Musanapinde, gwirani m'misoko, m'khosi ndi m'matumba. Ngati pakuzizira m'manja, sichinaume. Kunja kukakhala mvumbi, yanikani pakhonde kapena pafupi ndi zenera lotsegula, kenako sitani kuti chinyezi chotsalira chichoke.

Zovala zathukuta ndi matawulo onyowa musaziunjike m'beseni kudikira Loweruka. Zipachikeni ziume kaye. Posunga, pewani majumbo a pulasitiki, chifukwa amatsekera chinyezi mkati. Sutikesi kapena bokosi likhale pa njerwa kapena pa thabwa, ndipo pakati pa kabati ndi khoma pakhale mpata wolowa dzanja. Yang'anani denga ngati likudontha, ndiponso khoma ngati likukoka madzi kuchokera pansi. Makala ouma okulunga m'kansalu amathandiza kuyamwa fungo m'kabati, koma muziwasintha. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete ndi poizoni mwana akameza, ndipo sitiyenera kuikidwa m'zovala za makanda.

Dzuwa likawala pakati pa dzinja, tulutsani mabulangete, majekete ndi kapulana zosungira maukwati ndi maliro kuti ziwombedwe mphepo. Ogulitsa kalamidade, amene ena amati kaunjika, asaike mabelo pa simenti, ndipo katundu wonyowa ndi mvula pamsika asamangidwe m'thumba mpaka atauma.

Madzi akasefukira

Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anamiza nyumba zambiri m'zigawo zapakati pa dziko lino. Madzi otere amasakanikirana ndi zam'zimbudzi, choncho zovala zimene zamizidwa zichapidwe ndi sopo ndi madzi otentha mwamsanga, masiku awiri asanathe, ndipo wochapayo asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Matiresi asiponji amene anamwa madziwo n'kuchita chuku mpaka mkati ndi ovuta kuwayeretsa, ndipo ndi bwino kuti mwana kapena wodwala asagonepo.