Kuchokera pa Luchenza mpaka ku Karonga: mbiri yomwe ndinkaphunzitsa ndisanaione



Nkhani ya leroyi inayamba ndi funso la mwana wa Fomu 3. Tsiku limenelo ndinali pa bolodi, choko chili m'manja, kufotokoza za nkhondo ya ku Karonga ya mu 1914 ngati kuti ndinali pomwepo. Mtsikana wina wa pa desiki yakumbuyo anakweza mkono nati, "Aphunzitsi, inuyo ku Karongako munafikako?" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinayankha zoona kuti ayi. Zaka zoposa 15 ndikuphunzitsa History, koma ndinali ndisanapitirirepo pa Lilongwe, ndipo kumenekonso ndinapitako kukalondola mapepala a ntchito basi.

Funsoli linandikhala pamtima. Holide yaitali ya mu Ogasiti itafika, ndinagwirizana ndi mnzanga wophunzitsa Geography amene ali ndi kagalimoto kokalamba koma kolimba mtima. Tinasonkherana ya mafuta, n'kukonza zogona kwa abale, kwa ana athu akale a sukulu ndi m'maresitihausi otchipa. Mayi a kunyumba anatilongedzera chinangwa chophika ndi kalongonda, amvekere, "Mukaone dzikolo, koma musakaiwale kwanu." Ulendo wake unali wa makilomita opitirira 800 kupita kokha, ndipo tinauyenda masiku asanu ndi limodzi chifukwa choimaima.

Tinanyamuka m'bandakucha, nkhungu ikadali pamwamba pa minda ya tiyi. Malo oyamba kuima anali ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pa mishoni ya PIM imene John Chilembwe anayambitsa mu 1900 atabwerako ku America, komwe anapita ndi Joseph Booth mu 1897. Tonse timadziwa za usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu ake anakathira nkhondo ku Magomero ndi kupha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce, komanso kuti Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale. Tchalitchi chake boma linachigumula. Chimene chilipo lero chinamangidwa Dr. Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyi mu 1926. Tinakhala pansi pa mtengo n'kutsegula kalongonda wathu, ndipo ndinakumbukira kuti ambiri mwa anthu amene ankagwira thangata ku Magomero anali Alomwe ngati ife, amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique n'kudzapeza malo okhala pa minda ya azungu, pa mtengo wa thukuta lawo.

Pa Zomba, likulu la dziko lino mpaka mu 1975, sitinachedwe. Tinaima pa chipilala cha asilikali a KAR n'kuwerenga maina a amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mnzangayo anapezapo dzina lofanana ndi la agogo ake, ndipo anakhala kaye chete. Tinagula nthochi m'mbali mwa msewu n'kutsetserekera ku Liwonde, kumene kutentha kunatilandira ndi manja awiri.

Pa Mangochi ndiye ndinayamba kuchita manyazi ndi manotsi anga. Tauniyi inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston, ngati linga lotchingira njira ya amalonda a akapolo amene ankadutsa m'dera la mfumu Mponda. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali zinthu zitatu moyandikana. Pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomangidwa mu 1903. Pali mfuti ya m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku tsidya la nyanja, nkhondo itangoyamba kumene. Ndiye pali mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya pa 30 Julaye 1946, kumpoto kwa nyanja. Ndinaima pamwalapo nthawi yaitali. Za Guendolen ndimaphunzitsa chaka ndi chaka chifukwa zimatha kubwera pa mayeso, koma za Viphya, mmene munafera anthu wamba onga ife, ndinali ndisanazitchulepo m'kalasi ngakhale kamodzi.

Madzulo ake tinadya nsima ya chambo chowotcha. Kukoma kwake sindikunena, koma mtengo wake unatichititsa kuyang'anana. Mayi amene anatiphikirawo anati kale chambo sinali ndiwo yoti munthu n'kuiganizira kawiri, koma masiku ano asodzi amabwera ndi usipa ndi utaka, chambo n'chamwayi. Mnzanga wa Geography apa ndiye anapeza pokambira, za nyanja ya Malombe ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, mpaka ndinachita kumuletsa.

Kutacha tinadzera njira ya ku Golomoti kukafika ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Kumeneko kuli malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Chapafupi pomwepo, m'dera la Mtakataka, ndi pamene pali Mankhamba, likulu la a Kalonga a ufumu wa Maravi. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anakumbapo n'kupeza mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale zochokera kutali ngati ku China. Mukamauza ana kuti Amaravi ankachita malonda ndi anthu a kunja, umboni wake uli m'dothi limenelo.

Ku Nkhotakota tinafika dzuwa litapendeka. Tinakaona mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pofuna kumunyengerera kuti asiye malonda a anthu, koma osaphula kanthu. Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika pamenepa cha m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa akapolo ndi minyanga kupita ku tsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. Jumbe womaliza anachotsedwa ndi Angerezi m'zaka za m'ma 1890 n'kutumizidwa ku Zanzibar. Usiku umenewo mwana wathu wina wakale, amene tsopano ndi namwino kumeneko, anatiphikira mpunga wa nsomba. Ndili pakati pa kudya ndinakumbukira kuti ulimi wa mpunga m'derali unakula m'nthawi ya a Jumbe omwewo, pamodzi ndi Chisilamu ndi mawu a Chiswahili. Ndinamuuza mwanayo kuti mbale imene watipatsayi ili ndi mbiri yowawa. Iye anaseka nati, "Aphunzitsi, simunasinthe. Idyani kaye, mayeso tinalemba kale."

Kuchoka apo msewu umatsata nyanja, kudutsa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa mpaka ku Bandawe, kumene mishoni ya Livingstonia inasamukira mu 1881 itathawa malungo ku Cape Maclear. Uku ndi kwa Atonga, ndipo nsima yake ndi kondowole. Ife kuno chinangwa timachiphika kapena kupanga makaka. Iwo amachiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke, kuchiyanika, n'kusinja ufa. Nsima yake imanyambatira ku zala, ndipo mbamu yoyamba inandivuta kumeza. Koma itakumana ndi batala wa mafuta uja, ndinapempha mtanda wina. Chinangwa, ngati chimanga chomwe, kwawo ndi ku America, ndipo chinafika kuno kudzera mwa Apwitikizi. Zimene timazitcha zakudya za makolo nazonso zinayenda ulendo.

Pa Nkhata Bay panalibe kuseka. Pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, atsogoleri a Nyasaland African Congress anamangidwa m'dziko lonse, ndipo Dr. Kamuzu Banda anatumizidwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Omangidwa a kumpoto anawakweza m'sitima ya Mpasa pa doko la Nkhata Bay. Abale awo anakhamukira ku doko kufuna kuti awamasule, ndipo asilikali anawombera. Bungwe lofufuza la Devlin linawerenga anthu 20 ophedwa pamenepo, koma eni dera amati anali ochulukirapo. Chimene buku silinandiuze n'chakuti malowo ndi opanikizika: kutsogolo madzi, m'mbali zitunda. Munthu ukaimapo umaona wekha kuti khamulo linalibe kothawira kwenikweni.

Titagona ku Mzuzu, komwe tinamwa khofi wa kumeneko ndi majuzi ali m'thupi, tinatsika chitunda cha Chiweta n'kufika pa Chitimba. Galimoto yathu tinaisiya pamenepo chifukwa msewu wa Gorodi, wa makona 20 okhota ngati ndowe, si wa galimoto yokalamba. Tinakwera pikapu ya matola, mtima uli m'mwamba. Pamwamba pake, ku Khondowe, ndi pamene Dr. Robert Laws anakhazika mishoni mu 1894. Tinaona Stone House, nyumba yake ya miyala, ndi mathithi a Manchewe. Pa sukulu imeneyi panaphunzira anthu ngati Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Congress mu 1944, ndi Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe lalikulu la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu 1959 muja boma linaponya uthenga pa ndege kufunsa ngati azungu a pa mishoni akufuna kuwasamutsa. Yankho analilemba pansi ndi miyala kuti woyendetsa ndege awerenge: Aefeso 2:14. Sanachoke.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinalowa mu Karonga. Tinayamba ndi nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004, momwe muli chigoba cha Malawisaurus ndi nkhani ya chibwano cha munthu wakalekale chimene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha mu 1991, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Tinamvanso za Mlozi, wamalonda a akapolo amene anazunza Ankhonde mpaka pamene Harry Johnston anamugonjetsa ndi kumupachika mu Disembala 1895. Masana tinadya mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndipo tinagula kathumba ka mpunga wa Kilombero, umene dzina lake ndi la chigwa china ku Tanzania.

Pomaliza tinapita ku manda a asilikali a nkhondo ya pa 9 Sepitembala 1914, ija ndinkaphunzitsa tsiku la funso lija. Miyala ya azungu, Angerezi ndi Ajeremani, ili ndi maina. Ndili chiimire pomwepo ndinaona chinthu chimene chinali m'mabuku anga nthawi yonseyi koma sindinkachilumikiza. Imfa za asilikali achikuda pa nkhondo imeneyi ndi zimene zinachititsa Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene si yawo. Patangotha miyezi iwiri anaukira. Ndiye kuti malo amene tinathera ulendo ndi amene anayatsa moto pa malo amene tinayambira. Ine nkhani ziwirizi ndinkaziphunzitsa ngati mitu yosiyana, ina teremu ino, ina teremu ya mawa.

Pobwerera tinadzera msewu wa M1, ku Mzimba, Kasungu, Lilongwe ndi Dedza. Pa Lizulu tinagula mbatatesi ndi kabichi, ndipo anyamata a mbewa zapampani anatiimitsa kangapo, koma mnzangayo ndi wa mpingo wosadya mbewa, choncho ndinangomeza malovu.

Titayandikira kwathu, minda ya tiyi itayambanso kuoneka, ndinadzifunsa kuti kodi za pakhomo pano ndimaphunzitsa zingati. Njanji imene imadutsa pa Luchenza inatsegulidwa mu 1908, ndipo ndi imene inkatulutsa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje. Koma koposa apo, mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza pompano anthu awiri anagwidwa powaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera inafala kuti aphedwa, khamu linasonkhana, ndipo chipolowe chinafalikira m'Thyolo ndi maboma oyandikana nawo. Anthu anatseka misewu ndi kudula mawaya a telefoni. Pamene zinkatha, anthu 11 anali atafa. Gwero lake silinali malalanje. Inali nkhani ya malo ndi thangata, yomwe ija ya ku Magomero mu 1915, ndipo thangatayo anadzatha mu 1962. Ndinayenda mpaka ku Karonga kukafuna mbiri, chonsecho ina ili pa mtunda woti mwana angafikepo pa njinga.

Sukulu itatsegulidwa ndinamuyankha mtsikana uja pamaso pa kalasi kuti tsopano ndinafikako. Kenaka ndinawapatsa ntchito: aliyense akafunse agogo ake zimene anamva kapena kuona za thangata ndi za 1953, alembe tsamba limodzi. Ena anabwera chimanjamanja chifukwa agogowo anatisiya kale. Izi ndi zimene zikundidetsa nkhawa. Amene anali ndi zaka 10 mu 1953 lero apitirira zaka 80, ndipo chaka chilichonse tikuwaika m'manda pamodzi ndi zimene akudziwa.

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti malipiro athu sangatifikitse tonse ku Karonga, ndipo ndalama ya ulendo wa kalasi yonse ndi yovuta kuipeza. Koma ku PIM ndi ulendo wa tsiku limodzi pa minibasi, ndipo siteshoni ya njanji ili m'tauni momwemuno. Tiyambe ndi zimenezo. Inu ana anga akale amene muli ku Mangochi, ku Nkhotakota, ku Mzuzu ndi kwina konse, pitani mukaone zimene tinkakuuzani pa bolodi zija, ndipo mukapeza kuti penapake ndinakunamizani, ndilembereni ndikonze manotsi. Amene muli ndi agogo okumbukira za Mangunda, chonde ndidziwitseni msanga, ndibwera ndi kope langa.