Chakudya cha Kusukulu Chinachita Kumenyeredwa

Ana athu akamadya masana kusukulu kuno ku Britain, timangoti ndi mmene boma limachitira. Ayi ndithu anzathu, anthu anachita kulimbana.

Ku Bradford, mzinda wa mafakitale a ubweya wa nkhosa, ana ambiri a antchito ankalowa m'kalasi m'mimba muli pululu. Mayi Margaret McMillan, omwe anasankhidwa kulowa m'bungwe loyang'anira sukulu mu 1894, sanatope kukumbutsa akuluakulu kuti mwana wanjala samva za aphunzitsi. Bambo Fred Jowett, omwe anayamba ntchito m'fakitale ali ndi zaka 8, anaikankha nkhaniyi kukhonsolo, kenako analowa ku Nyumba ya Malamulo mu 1906.

Lamulo linadutsa chaka chomwecho, koma linangololeza makhonsolo kudyetsa ana, silinawakakamize. Makhonsolo ambiri anangokhala phee. Bradford sinachedwe: mu 1907 inatsegula khitchini yaikulu pasukulu ya Green Lane, chakudya chotentha n'kumatumizidwa m'malo odyera mumzindamo. Lamulo lokakamiza linadza mu 1944, patatha zaka 38.

Zaka zonsezo, kudya kapena kusadya kwa mwana kunkadalira amene ali pakhonsolo yakwawo. Ndiye sukulu ikaitana makolo kumsonkhano, tisamati ndife alendo. Tizipita, tikalankhule.