Township

Ife tikamva mawu akuti township timaganiza za Ndirande kapena Soweto, kumene nyumba zimachita kupanikizana. Ku America tanthauzo lake ndi lina: ndi dera la kumudzi, lokhala ndi kaboma kakekake.

Lamulo la mu 1785 linati malo a kumadzulo, kuyambira ku Ohio, adulidwe m'zigawo za mamailosi 6 mbali iliyonse zotchedwa township, chigawo chilichonse chigawidwenso pa 36. Kachigawo ka nambala 16 kankasungidwa kuti kazithandiza sukulu, ndipo apa anaganiza bwino. Chowawa n'chakuti mizere ya zigawozo inkalembedwa pa nthaka yomwe eni ake ankathamangitsidwapo. Lero ku Ohio anthu a m'township amasankha akuluakulu atatu oyang'anira misewu ndi manda.